Kubuma Pakati pa Magitala

West Bromwich
10 Seputembala 2023

Okondedwa achemwali Annie,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana ndi zidzukulu kumeneko ku Linthipe. Bondo lija likukuvutanibe? Ife kuno tili bwino, kungoti dzuwa layamba kale kutithawa. Alamu anu a Osborne akadali ku fakitale ya magalimoto ku Solihull, ine ndikadali m'wodi yomwe ija ya okalamba, kuthamanga ndi mashifiti. Ndalemba papepala monga mumafunira, poti munanena nokha kuti za pafoni zimapita ndi mphepo. Ndiijambula n'kutumiza kwa mkamwini wanu Gomezgani ku Dedza, iye akusindikizirani.

Nkhani yanga ndi ya mwana wanu Michelle. Ali m'bandi, achemwali. Nyimbo zake amazitcha black metal, ndipo musayembekeze kwaya. Zimayamba bwinobwino: umamva mvula ndi mphepo zomwe anakajambula m'mbali mwa ngalande, kenako vayolini akulira pang'onopang'ono ngati akugoneka mwana. Ukangoti mtima ukhale m'malo, magitala amabwera ngati chigayo athiramo chimanga chouma, ng'oma ngati matalala pa malata, mwana wanuyo n'kuyamba kukuwa. Akamakaimba amadzola zoyera kumaso, zakuda mozungulira maso. Bambo ake atamuona koyamba anapemphera pakhomo la chipinda chake. Kenako anapita kukawaona anzakewo, n'kupeza kuti ndi ana aulemu omwa tiyi, ena mwa iwo ngakhale nyama sadya. Masiku ano ndi iwo amawanyamulira zipangizo pagalimoto, thonje lili m'makutu.

Tsopano akukonza chimbale, ndipo agwirizana kuti aliyense aikemo china chake cha makolo ake. Shannon, mtsikana woimba ng'oma, agogo ake ankasula matcheni kunoko, ndiye wajambula kulira kwa nyundo pachitsulo. Kate wa vayolini wabweretsa kanyimbo ka agogo ake a ku Ireland. Kenako anafika pa Michelle. Analibe kanthu. Mwana ameneyu Chichewa amamva, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi chokhachokha kuyambira ali ku pulayimale, ndipo za kwathu sanafunsepo.

Sabata yatha ndikuphika, anabwera ndi foni yanga m'manja. Anali atapeza kanema uja Gomezgani anatitumizira wa maliro a bambo athu a Albert. Anaimitsa pamene inu mukutuluka m'nyumba mukubuma, amayi akukugwirizani, n'kundifunsa kuti, "Mum, amayi aakuluwa akuchita chiyani ndi mawu awowa?" Ndinamuuza kuti kumeneko ndi kubuma, ndi mmene timalirira maliro kwathu. Anaonera mobwerezabwereza, kenako anati iye wakhala akuphunzira kukuwa zaka zonsezi koma sanamvepo mawu otuluka pansi pamtima chonchi. Wapeka nyimbo ya agogo ake, ndipo akufuna kubuma kwanu kukhale pakati pake. Za m'kanemamo sizingatheke, akuti muli phokoso la mphepo ndi anthu.

Ndikudziwa kuti pempholi ndi lachilendo. Koma achemwali, aka n'koyamba mwanayu kugogoda pakhomo la kwathu, ndipo ndikuopa kuti akapeza chotseka sadzagogodanso. Akajambula chimbalecho Khirisimasi isanafike, ndipo nyimbo yosatha aisiya kunja. Kodi simungajambule pang'ono pafoni ija ndinakutumizirani?

Mundiuze za mvula ndi za mbuzi zija. Moni kwa onse.

Ndine mng'ono wanu,
Zelipa


Linthipe
23 Seputembala 2023

Zelipa mng'ono wanga,

Moni kwa iwe, alamu ndi mwana wanga Michelle. Kuno tili bwino. Bondo likadali ndi maganizo akeake, ukapeza wobwera unditumizire mankhwala opaka aja onunkha ngati bulugamu. Mbuzi yakuda yaswa awiri. Kukutentha moti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa.

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiri nditavala magalasi poganiza kuti koyamba maso anandinamiza. Gomezgani wandionetsanso chithunzi cha mwanayo. Ndinamufunsa ngati anagwera m'thumba la ufa. Kenako anandiikira nyimbo imodzi. Galu wanga anadzuka n'kupita kuseri kwa nkhokwe, ndipo sanabwere mpaka madzulo. Koma ndisaname, pali pena pamene phokosolo limaleka, n'kutsala kavayolini kaja ndi mphepo. Pamenepo ndinamuuza Gomezgani kuti abwezere. Pakumveka ngati dambo lathu m'mwezi wa Juni, chifunga chisanachoke. Mwana woti amamva zimenezo si wotayika ayi.

Tsono pa pempho lakolo. Kodi Ulaya wakuiwalitsa msanga chonchi? Kubuma si nyimbo, Zelipa. Nyimbo umatha kuiimba ukuchapa, umatha kuibwereza ukalakwitsa. Ine ndaphunzitsa ana nyimbo zaka zonse ndinali pasukulu, koma kubuma sindinaphunzitsepo munthu, ndipo inenso palibe anandiphunzitsa. Kumadza kokha tsiku lake likafika. Komanso ukudziwa kuti munthu sabuma pamudzi pali bata. Akuluakulu amati n'kuitana imfa, ndipo ngakhale ine ndili wa tchalitchi, sindifuna kuyesa kuti ndione ngati ankanena zoona.

Ndiye yankho langa ndi lakuti ayi. Koma ndili ndi dandaulo. Mwanayo ali ndi manja, bwanji osandilembera yekha? Chibadwire sindinalandirepo ngakhale mzere umodzi wochokera kwa iye. Kandimverere anakanena za m'maluwa, mwina iweyo ndiwe wakometsera nkhaniyi.

Ndine mkulu wako,
Annie


West Bromwich
8 Okutobala 2023

Amayi aakulu,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Pepani, Chichewa changa ndi chaching'ono. Mum anafuna kundithandiza koma ndakana. Ndalemba masiku ambiri.

Agogo a Albert ndinawaona kamodzi, ndili mwana. Anandikweza panjinga. Anandipatsa nzimbe. Ndinalankhula Chingerezi, iwo Chichewa, ndipo tinaseka. Atamwalira sindinalire. Sindinadziwe kulira kwake.

Anthu amati nyimbo zathu ndi phokoso. Koma ife timaimba za malo, ndi za anthu amene anapita. Anzanga ali ndi zinthu za agogo awo. Ine ndilibe. Nditamva mawu anu ndinati, izi ndi zathu. Ndinasangalala, ndinaopanso.

Ngati ndi zoletsedwa, ndamva. Sindikwiya. Ndimangofuna mudziwe kuti sindikusewera.

Pepani kwa galu.

Mwana wanu,
Michelle


West Bromwich
29 Okutobala 2023

Achemwali,

Amene akukulemberaniyu ndi malemu. Moni wochokera kutsidya, ndipo ndikhulupirira inu amoyo muli bwino. Foni yanu ndaimba mpaka chala kuwawa koma ndi yozimitsa, ya Gomezgani ikungoitana. Ndiye ndalemba.

Dzulo Loweruka ndinaweruka shifiti ya usiku, ndinagona. Chakumasana ndinamva kugogoda kosalekeza. A Osborne anali kuntchito, komwe foni amaitsekera m'loka, Michelle anali kwa anzake. Ndinatsika ndili ndi gauni yogonera, tsitsi lili nyankhalala, n'kutsegula. Pakhomo panali amayi a kutchalitchi kwathu, ena ochokera ku Hillfields ku Coventry, atamanga zitenje pamwamba pa majekete, mapoto ali m'manja, maso ali psuu. Patsogolo panali mayi Tupochile, tcheya wathu.

Tinayang'anana. Mtsikana wina wa ku Zambia, wongobwera kumene kudzagwira ntchito ya ukheya, yosamalira okalamba, anaponya poto wa nyemba pansi n'kuthawira kumsewu. Mayi Tupochile anabwerera m'mbuyo n'kunena kuti, "A Zelipa, kodi si inu mwamwalira?"

Ndinati, "Ine ndangoweruka kumene, mwina zachitika ndili mtulo."

Anandigwira dzanja, anandigwira tsaya, kenako anakhala pansi pakhomo pomwepo n'kuyamba kuseka misozi ili chuchuchu. Anandionetsa uthenga pagulu lathu la pafoni. Unachokera kwa wina ku Lilongwe, amene anaumva kwa wina ku Dedza: "Zelipa wa ku Linthipe watisiya ku UK. Achemwali ake awapeza akubuma foni ili m'manja." Anthu anali atayamba kale kulemba za ubwino wanga. Zina mwa izo sindinkazidziwa n'komwe.

Tinalowa m'nyumba, poti chakudya chinali chitaphikidwa kale. Ndadya mpunga wa pamaliro anga omwe, achemwali. Unali wosapsa bwino, ndipo ndawauza kuti tsiku lenilenilo adzasamale. A Osborne atatsegula foni yawo poweruka anapeza mauthenga owapepesa, anayendetsa galimoto kuchokera ku Solihull mtima uli m'mwamba, n'kundipeza ndikutsuka mbale. Anangondikumbatira, manja anga ali thovu lokhalokha, pamaso pa amayi onse aja. Zaka zonsezi sanachitepo zotero pagulu.

Chinandikhudza china n'chakuti amayiwa anabwera mwakachetechete. Mayi Tupochile akuti m'sitima monse amangofwenthera m'mipango, ndipo pofika pamsewu wathu anakumbutsana kuti aliyense adzigwire, aneba angaitane apolisi. Ndi mmene timalirira kuno.

Tsono ndiuzeni, chinachitika n'chiyani? Munati ayi, nanga foni ndi kubuma zakumana bwanji? Michelle akungoyendayenda m'nyumba, akuti mlandu ndi wake. Yatsani foni, chonde.

Ndine mng'ono wanu wamoyo,
Zelipa


Linthipe
4 Novembala 2023

Zelipa,

Moni nonse. Ndathokoza Mulungu kuti uli moyo, ngakhale ine ndinali ndekha m'boma lonse la Dedza amene sindinakayike. Foni ndazimitsa dala. Manyazi ake ndi oti sindingathe kulankhula, bola pepala silindiyang'ana.

Mlandu si wa mwanayo, ndi wanga. Kalata yake ija inandilowa. Ndinaiwerengera ngakhale anzanga kumpingo, makamaka pamene akupepesa galu. Ndinati mwana wavutika chonchi kulemba chinenero cha amayi ake, ine ndimubweze chimanjamanja? Ndinaganiza zomudzidzimutsa, osauza ngakhale iwe. Loweruka lapitalo m'mamawa ndinatenga foni n'kupita kudimba langa, kumapeto kwenikweni kwa dambo, komwe ndimati kulibe khutu la munthu.

Poyamba zinakanika. Ndinkangomveka ngati mbuzi yotsamwa. Kenako ndinatseka maso, ndinaika foni pafupi ndi pakamwa monga anandionetsera Gomezgani, n'kutulutsa mawu onse: "Mayo ine! Mwandisiya ndi yani ine! Ndatsala ndekha ine!" Ndinaiwala kuti m'mamawa dambo limanyamula mawu. Ndinaiwalanso kuti Ndaziona, mnansi wanga uja, amathirira mpiru wake kuseri kwa bango. Iye anasuzumira, anaona ine ndikubuma foni ili kukamwa, n'kuwerengera yekha: uthenga wabwera pafoni, wakuti watsala yekha ndi Annie, ndiye wapita ndi Zelipa. Kufunsa sanafunse. Anataya chitini n'kuthamangira kumudzi manja ali kumutu.

Ine ndinamaliza bwinobwino, n'kuthyola ndiwo. Ndikukwera mtunda ndinamva belu la kutchalitchi. Ndinati kalanga ine, akuluakulu aja ankanena zoona, ndaitana imfa, wapita ndani? Ndikuyandikira ndinaona masamba atayala kale pamsewu, amuna akudula nkhuni, ndipo chigulu cha amayi chikutsika kudzandichingamira chikubuma dzina lako. Ndinakuwa kuti uli moyo. Anandigwira m'mikono uku ndi uku, akuti chisoni chandizunguza mutu. Ndinati ndimajambulira mwana nyimbo. Ndaziona anati, "Mwamva? Ayamba kubwebweta, agwireni bwino." Anandikhazika pamphasa, anandimanga mpango, ndipo zinanditengera mpaka dzuwa kufika pamutu kuti wina andimvere. Pamenepo n'kuti mbiri itafika kale kwa iwe, ine wamoyo ndisanamvedwe ndi anthu ondigwira mkono.

Akulu a mpingo anandikhazika pansi. Sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anangofunsa kuti, "Aphunzitsi, mawa mukadzabuma zenizeni, tidzabwere kapena tidzayambe tafunsa?" Anthu anali atasiya ntchito zawo, ndiye sindikanawabweza ndi njala. Nkhuku zanga zonse zinathera pamaliro ako. Tambala yekha ndiye anapulumuka, anathawira padenga.

Tsopano mvetsa. Foni ija sindinaizimitse pochoka kudimba, inajambula zonse, za ine ndi za amayi aja. Gomezgani akuti mwanayo akanazimva akanalumpha ndi chimwemwe. Ndinamvetsera kamodzi, ndipo ndamuuza afufute ine ndikuona. Muli dzina lako mmenemo, Zelipa, likuliridwa iwe uli moyo. Zimenezo sizingalowe m'chimbale kuti anthu azizibwereza. Ndipo kujambulanso sindijambula, kaya kudimba kaya kuphiri. Undipepesere kwa mwana wanga. Ndinayesa.

Ndine,
Annie


West Bromwich
26 Novembala 2023

Okondedwa achemwali,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ndinakuyankhani sabata yomwe ija, koma mpaka lero kuli zii. Kodi mwatikwiyira? Ngati ndi choncho muli ndi chifukwa, takuchititsani manyazi pamudzi. Nkhuku zija a Osborne akuti ndi mlandu wawo, abweza. Mankhwala a bondo ndapatsira mayi wina amene akubwera sabata ya mawa, awasiya kwa Gomezgani.

Michelle ndinamuwerengera kalata yanu yonse. Pa tambala anaseka mpaka kugwa pampando. Pofika kumapeto anangoti, "It's fine, Mum," n'kukwera kuchipinda kwake. Mukudziwa kuti mwana akati zili bwino m'Chingerezi ndiye kuti sizili bwino. Masabata apitawa anali atayamba kundifunsa mayina a zinthu m'khichini, tsiku lina anandipatsa moni wa m'mawa m'Chichewa ine mpaka kutaya supuni. Tsopano wasiya. Anzake akuti nyimbo ya agogo aisiya kunja, poti pakati pake pali dzenje lopanda mawu.

Sindikupemphanso, ndamva ndipo mukunena zoona. Ndikungofuna mzere umodzi wondiuza kuti ine ndi inu tili bwino.

Zelipa


Linthipe
2 Disembala 2023

Zelipa mng'ono wanga,

Moni kwa nonse. Iwenso ndiye ayi, munthu akangokhala chete basi wakwiya? Mvula yagwa, mwana wa amayi. Takhala tili m'munda kubzala, ndipo mtsinje unadzaza moti Gomezgani ndi njinga yake yamoto analephera kuwoloka. Makalata ako onse awiri ndalandira dzulo limodzi. Pamudzi nkhani ija yasanduka nthabwala. Ana akandiona ndi foni amafunsa kuti, "Agogo, lero amwalira ndani?" Alamu uwauze kuti nkhuku ndikufuna zachikuda, asandigulire zoyera zija zosadziwa kuthawa kabawi.

Koma pobzala munthu amaganiza, ndipo ndaganiza. Zimene ndinachita kudimba zija zinali zouma. Mawu anatuluka, koma maso anali gwa. Bambo ine ndinawalira tsiku lawo, ndinawalira mpaka mawu kutha, ndipo mtima unapepuka. Kudimba ndinkangokumbukira mmene ndinalirira. Ngakhale zikanafika kwa mwanayo, akanalandira chikopa chopanda nyama. Koma amayi aja atandikhazika pamphasa akutchula dzina lako, ine wodziwa bwinobwino kuti uli moyo, ndinalira zenizeni. Ndinaona kuti tsiku limenelo likadzafika udzakhala kutali, ndipo sindidzakugwira ngakhale dzanja.

Ndiye ndili ndi funso. Tsiku loika bambo, ndege zitaima chifukwa cha mliri uja, Gomezgani anandionetsa nkhope yako pafoni. Unali mu yunifolomu, chophimba kukamwa chili pachibwano, uli duu. Ndinati udzalira ukafika kunyumba. Tsopano wandiuza kuti kumeneko mumalirira m'mipango poopa aneba. Kodi iwe Zelipa, bambo ako unawabumira kuti?

Mwana akufunafuna kutsidya la nyanja chinthu chimene mwina akuchidutsa tsiku lililonse m'khichini. Sindikukutuma kanthu. Ndangofunsa.

Mkulu wako,
Annie


West Bromwich
11 Disembala 2023

Achemwali anga,

Moni, ndipo zikomo kuti tili bwino. Mbewu zimere.

Funso lanu ndinaliwerenga m'basi popita kuntchito, ndipo ndinapitirira siteji yanga. Yankho lake ndi lakuti palibe. Tsiku lija ndinaonera maliro m'kachipinda kosungiramo mabulangete kuwodi. Bokosi litatsika, belu la wodwala linalira, ndinapukuta m'maso n'kupita. Kunyumba khoma lathu ndi lopyapyala, mneba akayetsemula timamuuza kuti pepani. Ndinkati ndidzalira ndikadzabwera kumudzi, koma pomwe ndinabwera anthu anali atatonthola kale, mukundilandira ndi nthungululu. Ndikanayamba bwanji ndekha? Ndinangozinyamula. Ndinkayesa kuti zinatha, chonsecho zinangokhala pansi.

Dzulo titaweruka kutchalitchi ndinakazinga mandasi, ndinaika chitenje m'chikwama, n'kukwera tiramu, kasitima koyenda m'tauni, kupita komwe anawa amakonzekerera nyimbo. Ndi chipinda cha m'fakitale yakale m'mbali mwa ngalande. Ndinali ndisanapiteko. Makoma onse anawamata zinthu zonga matiresi, chitseko chake n'cholemera ngati cha mosungira mankhwala. Michelle atandiona anadabwa, anayesa kuti kunyumba kwagwa zina.

Ndinamufunsa Shannon kuti, "Kodi munthu atakuwa muno, kunja amva ndani?"

Anaseka n'kunena kuti, "Palibe, Anti. Ine ndimamenya ng'oma ngati ndikuphwanya nyumba, koma wodutsa panja samva kanthu."

Ndinawapempha andiimbire nyimbo ya agogo ija, momwe ilili ndi dzenje lake. Anayang'anana, kenako anatenga zipangizo. Inayamba mvula. Inabwera nyundo ya agogo a Shannon, pang'onopang'ono ngati mtima wa munthu wogona. Analowa vayolini. Kenako magitala aja, amene zaka zonsezi ndakhala ndikuwatsekera chitseko. Muli m'kati mwake, achemwali, phokoso limenelo silikhala m'makutu, limagunda m'chifuwa. Ndiyeno zonse zinaleka, kunangotsala mphepo yokhayokha. Pamenepo ndi pamene panayenera kukhala inu.

Sindikudziwa kuti ndinavula nsapato nthawi yanji. Ndinangopezeka ndamanga chitenje, ndakhala pansi pasimenti miyendo ndatambasula, ndipo pakamwa panatseguka pokha. "Bambo anga ine! Munapita osandiona ine! Ndinali kusamala makolo a eni, anga akupita okha ine! Adzandiitane Zeli ndani ine!" Mawu amene anatuluka sindinawadziwe kuti ndi anga. Anali a amayi athu, anali anu.

Ana aja sanathawe, sanandigwirenso pakamwa. Shannon anayambanso ng'oma pansipansi, Kate analowa ndi vayolini, mnyamata wa gitala naye anabwera, ndipo phokoso lija linandizungulira monga amachitira amayi pamaliro, kukugwiriza kuti ulire osagwa. Ndinakuwa mmene ndingathere ndipo panalibe wondiuza kuti aneba amva.

Kenako ndinamva munthu wakhala pambali panga, phewa lake pa langa. Anali Michelle, gitala ataisiya. Poyamba ankangotsatira mawu anga, kumalakwitsa. Kenako anapeza ake. "Agogo anga ine! Njinga ija ine! Sindinakuyankheni ine!" M'Chichewa, achemwali, ndi mawu aja amakuwira m'nyimbo zake, koma tsopano misozi ikutsika. Tinalira awiri mpaka mawu anatha.

Titatonthola Kate anapanga tiyi, tinadya mandasi tonse maso ali otupa. Ndinayamba kuchita manyazi, ndinafunsa ngati makina awo anajambula. Michelle anati anawazimitsa yekha pamene anandiona ndikumanga chitenje. Anati, "Zimenezo zinali za agogo, Mum, si za chimbale." Pobwerera m'tiramu anagona paphewa panga ngati kale. Ine ndadzuka lero mawu atasasa, kuntchito akuti ndi chimfine, koma thupi lapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

Tsono mwanayu wandituma, ndipo ulendo uno sindikukometsera. Akajambula Loweruka likubwerali. Dzenje lija akufuna alitseke yekha, ndi mawu ake, kulira agogo ake. Koma akuti sachita pokhapokha amayi aakulu atavomera, ndipo mukati ayi nyimboyo aisiya osadandaula. Gomezgani ndamupempha kuti ngakhale mtsinje udzaze, awoloke.

Ndine mng'ono wanu,
Zelipa


Linthipe
14 Disembala 2023

Michelle mwana wanga,

Moni. Kalatayi ndalembera iwe, amayi ako asakuwerengere. Ukapeza mawu ovuta uwafunse tanthauzo lokha.

Gomezgani wawoloka nsapato zili m'manja, ndipo akudikira pakhonde kuti abwerere ndi yankho, ndiye sinditalikitsa.

Ndavomera. Amene ukumulirayo anapitadi, ndipo iwe ndiwe mdzukulu wake weniweni. Palibe mkulu wa mpingo kapena wa mudzi angakuimbe mlandu pamenepo. Ine ndinalakwa chifukwa ndinalira maliro amene ndinali nditamaliza kale. Ako ndi atsopano. Uwatchule dzina agogo akowo, anali a Albert, ndipo usaope kulakwitsa Chichewa, pobuma palibe amachonga. Chimbale chikatuluka unditumizire. Galu ndidzayamba ndamumangirira kwa Ndaziona.

Wachita chinthu chimene ine ndi mpingo wonse wa kumeneko tinalephera, wawapezera amayi ako malo olirira. Zikomo.

Ndili ndi pempho langa nanenso. Kuno atsikana a masiku ano pamaliro amangojambula ndi mafoni, ndipo ndinkadzifunsa kuti ine adzandibume ndani. Usachite mantha, bondo lokha ndi limene likuvuta, ndikadalipo ndithu. Koma tsiku langa likadzafika, udzakwere ndege pamodzi ndi amayi ako. Magitala ndi ufa wa kumaso udzasiye konko. Iwe udzakhale kutsogolo, pafupi ndi mutu wanga.

Ndine mayi ako aakulu,
Annie